Mkanjo Waukulu ndi Dimba la Estere

Tadala, tabwera nalo kuno bukulo usanaling'ambe ndi mkwiyo. Chiyambire m'mawa ndakhala ndikukumva ukung'ung'udza kuti Chingerezi chake n'chakale, n'chokhotakhota, ndipo mayeso akangotha sudzafunanso kuliona. Yamikani, nawenso ika pansi foniyo, khala apa uziswa mtedza uku ukumvetsera. Ana inu simudziwa kuti ine, amene ndidalekezera Sitandade 4, sewero lili m'bukumo ndimalidziwa kuposa ena a inu ovala yunifolomu. Dzina lake musandifunse, lidandikana lilime kalekale, pamodzi ndi la mzungu amene adalilemba. Koma zovala zake ndidasokapo ndine, ndipo mkazi woopsa wa m'menemo adali mayi anu omwewa, Malita. Mukuseka? Mudzawafunse akabwera kuchokera kuchigayo.

Nthawi imeneyo tidali titangolowa kumene m'matipate. Anthu adali atayamba kuyankhula mokweza mumsika zinthu zimene kale tinkangonong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkasoka pakhonde la sitolo ya a Saidi, Msilamu wa ku Mangochi, pamsika wathu kufupi ndi Kachebere. Makina anga adali opalasa ndi phazi, akuda, olemera moti amuna awiri ankatuluka thukuta powanyamula. Kusoka ndidaphunzira kwa masisitere ndili mtsikana, pa makina opukusa ndi dzanja, ndipo kusita kwake kudali kwa simbi yamakala, imene ukangoiwala kuipemerera imakusiyira phulusa pa kolala ya mwini. Masiku amenewo munthu wofuna diresi la Khrisimasi ankabwera mvula isanayambe, ndi nsalu yake m'khwapa, n'kuima chilili ine ndikumuzunguliza tepi. Kenaka kudabwera kaunjika. Anthu adayamba kuvala majekete ochokera kutsidya kwa nyanja, ife atelala n'kutsala ongochepetsa m'chiuno ndi kupinda miyendo ya mathalauzi. Inu a lero mumangovundula mulu n'kuloza. Simudziwa kukoma kwa chovala chimene adachidulira thupi lako lokha.

Tsiku lina masana kudafika aphunzitsi a Gondwe, a pa sekondale yoyendera pamene Malita ankaphunzira Folomu 4. Adali aatali, owonda, ochokera kumpoto, Chichewa chawo chopindika pang'ono. Adatsitsa panjinga mtolo wa makatani akale ndi matumba a ufa ochapa.

"Mayi a Malita," adatero, "ana anga bukuli likuwakanika. Ndaganiza kuti alisewere m'Chichewa pamaso pa makolo. Mwina akalivala pathupi adzalimva. Mutisokere zovala."

Adakhala pabenchi n'kundifotokozera nkhani yake, kuti ndidziwe chimene ndikusokera. Padali msilikali wolimba mtima, wokondedwa ndi mfumu yake. Amayi atatu olosera adamuuza kuti tsiku lina adzakhala mfumu iyeyo. Mawuwo adamulowa, koma adali ndi mantha. Amene adamukankha adali mkazi wake. Mfumu itabwera kudzacheza kwawo monga mlendo, adaipha, iye n'kukhala pampando. Kuchokera pamenepo mtendere sadaupezenso. Kupha kumodzi kudabala kwina, mkazi uja mutu udasokonekera, mapeto ake onse awiri adatha.

Ndidati, "Nkhani yonyansa chotere mukuphunzitsa ana?" Iwo adangoseka.

M'mawa mwake adabwera ndi wophunzira amene ankasewera msilikaliyo kuti ndimuyeze mkanjo waufumu. Ndidamuyeza bwinobwino, mapewa, manja, kutalika. Ndikuti ndilembe pansalu ndi choko, a Gondwe adandigwira mkono.

"Ayi mayi, muwonjezere. Mapewa akhale ogwa, manja abise zala, kumunsi kuzikokota pansi."

"Aphunzitsi, ine pamsika pano ndili ndi dzina. Anthu akadzaona mkanjo ukusesa fumbi adzati Nabanda maso adatha."

"Amene adzatero mudzawatumize kwa ine. Mukuona, m'buku muno wolemba amabwerezabwereza za zovala. Ufumu umene munthuyu watenga si wake. Ndiye ukhale ngati chovala cha mwini: akayenda chizimupinga, akakweza dzanja chizimugwa paphewa. Ana akadzaona zimenezo sadzafunanso kuti ndiwafotokozere. Zimenezi timazitcha zizindikiro. Ndi chinthu chooneka ndi maso chimene chikunena za chinthu chobisika mumtima."

Tadala, lemba pamenepo, ndakupatsa yankho la mayeso kwaulere.

Mkanjowo ndidasoka monga adanenera. Koma tsiku limenelo singano idandibaya kawiri, chinthu chimene sichinkandichitikira, ndipo a Saidi adandifunsa ngati ndikudwala malungo. Sindinkadwala. Mawu oti chovala cha mwini ndi amene adandisowetsa mtendere. Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo, ndikuuzeni nkhani imene mayi anu amaidziwa koma inu simudaimvepo.

Ndidali ndi mnzanga, dzina lake Estere. Tidakulira limodzi, kutunga madzi limodzi, kukazula bowa kuphiri limodzi mpaka miyendo kuyabwa ndi chitedze. Iye adakwatiwa ndi a Yohane, ine ndi agogo anu a Zakeyo, amene simudawaone. Estere adali ndi dimba kudambo limene adamusiyira amayi ake. Mudali nzimbe, nthochi, mpiru, ndi chitsime chosaphwa ngakhale dzuwa la Okutobala liwotche bwanji. Munda wathu udali kumtunda, wamchenga. Ndinkapita kwa iye kukapempha ndiwo, ndipo sadandimanepo tsiku n'limodzi lomwe. Koma kupatsidwa tsiku ndi tsiku kumawawa, ana inu. Ndinkabwerera ndi mpiru m'manja, njiru mumtima.

Estere ndi mwamuna wake adali a mpingo umene unkakana kugula khadi la chipani. Inu simungamvetse. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Kudafika chaka chimene anthu a mpingowo ankasakidwa ngati mbewa. Anyamata osaka adafika m'mudzi mwathu nthawi yadzinja. Estere, a Yohane ndi ana awo awiri adakabisala m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa chulu. Ndinkadziwa chifukwa tsiku loyamba amene adawapititsira madzi ndi mbatata ndine.

Tsiku lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, anyamata aja ali pansi pa mtengo pakati pa mudzi, ndidawaitanira agogo anu kuseri kwa nyumba.

"Bambo, anthu aja akapezeka okha adzati ifenso timawabisa. Komanso akachoka, dimba lija lidzapita kwa yani? Mukangokhala chete adzatenga ena."

"Nabanda, Estere ndi mnzako."

"Kodi ine ndidakwatiwa ndi mwamuna, kapena ndi mtondo wongokhala pomwe auika?"

Adandiyang'ana. Kenaka adanyamuka n'kupita. Kwa anyamata aja sadanene mawu ngakhale amodzi. Adangoloza ndi mlomo cha kuchulu.

A Yohane adawamenya mpaka kuwathyola mkono. Nyumba adaitentha. Tsiku lomwelo banja lonse lidathawa mvula ili mkati, kudzera njira za m'mapiri kulowera ku Zambia. Mwana wamkulu, Samueli, ankayenda yekha. Wamng'ono, Losi, amene adali asanayambe n'kukwawa komwe, adali kumsana kwa mayi ake. Patapita miyezi dimba lidapatsidwa kwa ife. Patapitanso miyezi ina tidamva kwa anthu odutsa malire kuti Losi adamwalira panjira.

Agogo anu sadadyepo kanthu kochokera m'dimbamo. Ndikaphika mpiru wa kumeneko ankangokankhira mbale pambali n'kupempha mchere. Tulo tidawathawa, adayamba kachasu, ndipo adamwalira matipate asanafike. Koma ine ndidadya. Ndidagulitsa nzimbe ndi ndiwo zaka ndi zaka. Makina aja adachokera m'dimba la Estere. Sukulu ya mayi anu idachokera momwemo. Mtima ukafuna kundifunsa ndinkauyankha kuti idali nthawi yake, aliyense ankachita zimenezo, ndipo ndikadapanda kutero akadatero wina.

Matipate atabwera, anthu othawa aja adayamba kubwerera. Ndidamva kuti a Yohane adamwalirira ku Zambia, koma Estere ali cha ku Chiosya ndi Samueli, amene adali tenanti pa esiteti ina ya fodya. Kuyambira pamenepo ndikapita kuchipatala ku boma ndinkayang'ana nkhope iliyonse pamzere ndisanakhale pansi. Maliro a mbali imeneyo ndinkatumiza ena.

Ndiye mwaona mmene ndidaliri pamene ndinkanyamula zovala kupita nazo kusukulu. Ana ankayeserera masana akaweruka, ndipo ine ndinkakhala pakona ndi singano ndi ulusi, kukonza pamene pang'ambika. Ndinkadziuza kuti ndabwerera zovala basi, koma makutu adali kwa a Gondwe.

Munthu uja adali mphunzitsi, ana inu, osati masewera. Sankangowerenga. Magazi adapanga ndi madzi a chidede owiritsa mpaka kulimba. Chisoti chaufumu adadula pakatoni. Adatuma ana kukathyola nthambi za bulugama, chifukwa kumapeto kwa sewerolo asilikali amabwera atabisala m'nthambi, ndipo mfumu yakuba ija, imene inkakhulupirira kuti nkhalango singasunthe, imaona mitengo ikuyenda kubwera kwa iyo. Mlonda wa pasukulu, amene ankaonerera pawindo, adaseka n'kunena kuti, "Ngati ife tsiku lovota lija! Ankati ndife mitengo." A Gondwe adamuloza n'kuuza ana kuti, "Mwamva? Bambowa akhoza kale."

Adawafotokozera za mdima, kuti zoipa zonse m'menemo zimachitika dzuwa litabisala, chifukwa munthu safuna kuti ngakhale maso ake omwe aone chimene dzanja likuchita. Adawafotokozera za tulo, kuti tulo ndi mphatso ya munthu wopanda mlandu, ndiye wopha mnzake ali m'tulo wadziphera tulo take tomwe. Atanena zimenezo ndidakumbukira agogo anu, ulusi n'kundisokonekera m'zala.

Tsiku lina Malita adaima pakati pa kuyeserera. Mbali yake idali yoti mkazi uja akuyenda ali m'tulo, akutikita manja ake ngati akuwasambitsa.

"Aphunzitsi, nanga akusamba chiyani poti m'manjamo mulibe kanthu? Sindipake chidede?"

"Usapake. Tamvera. Atangopha mfumu, wolimba mtima adali mkaziyu. Ankaganiza kuti akasamba nkhani yatha. Tsopano papita nthawi, pakhungu palibe chilichonse, koma magazi aja adalowa mkati. Iye akuwaona, ena sakuwaona. Madzi safika kumeneko."

Malita adagwedeza mutu. Ine ndidanamizira kuti ulusi wofiira wandithera, n'kubwerera kumsika.

Sewerolo lidachitika Loweruka masana, nyengo yokolola. M'mawindo a holo adatchingamo ziguduli kuti mukhale mdima. Makolo adadzaza, ena atakhala pansi, azimayi ogulitsa zitumbuwa ali pakhomo. Mfumu yakuba italowa ndi mkanjo wanga, idapondera kumunsi kwake n'kupepesuka. Anthu adafa nazo kuseka, wina n'kukuwa kuti, "Nabanda, tepi idasowa?" Koma m'kupita kwa sewero kuseka kudatha. Mnyamata uja akalamula kuti wina aphedwe, dzanja linkasowa m'kati mwa nsalu. Akakhala pampando ankaoneka ngati mwana wavala jekete la bambo ake. Mayi wina pafupi nane adanong'ona kuti, "Taonani, sukumukhala." Ndidadziwa kuti a Gondwe adanena zoona.

Kenaka adalowa Malita, atavala diresi loyera la matumba a ufa, kandulo ili m'manja. Adaiika pansi n'kuyamba kutikita manja. Koma sadachite monga ankachitira poyeserera. Adapinda msana, n'kuyamba kupukuta chikhatho chakumanja ndi chala chachikulu chakumanzere, pang'onopang'ono, mozungulira, maso ali patali. Umo ndi mmene agogo anu ankachitira akakhala pakhonde, zaka zonse zija. Mwanayo adali atawaona ali wamng'ono, osadziwa chimene akuona, ndipo tsiku limenelo adawabweretsa pamaso panga.

Sindidathe kudikira mitengo yoyenda. Ndidadutsa pakati pa miyendo ya anthu n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi. Ndidamva kuwomba m'manja kuchokera kutali. Patapita nthawi a Gondwe adandipeza, choko chili mbuu pamalaya.

"Mayi a Malita, mwathawa ulemu wanu. Anthu akufunsa telala."

"Aphunzitsi, ndifunseko. Mkazi uja, bwanji sadapite kukapepesa?"

"Akapepese kwa yani, mayi? Amene adawalakwira ena adafa, ena adathawa ndipo akubwera ndi nkhondo. N'chifukwa chake masewero otere timawatcha a tsoka. Munthu amazindikira nthawi itamuthera."

"Nanga pakadakhala mmodzi wamoyo, woti n'kumufikira ndi miyendo?"

Adandiyang'ana, n'kuyang'ananso pansi. Sadandifunse kanthu, ndipo mpaka lero ndimawathokoza chifukwa cha kusafunsako.

"Akadakhala ndi mwayi umene wolemba sadamupatse," adatero.

M'mawa mwake, tikuchapa zovala za sewero pachitsime cha m'dimba lomwe lija, ndidamuuza Malita zonse. Adasiya kuchapa, sopo ali m'manja. Adayang'ana nzimbe, adayang'ana nthochi, n'kuyamba kulira.

"Ndiye sukulu yangayi ndi ya mwana uja?"

Tsiku lonse sadandiyankhule. Dzuwa likupendeka adabwera n'kuima pakhomo.

"Amayi, mupite. Mukapanda kupita inu ndipita ndine, ndipo zidzakhala zamanyazi kuposa."

Mayi anu akhala olimba mutu chiyambire, musamadabwe akamakukalipirani.

Ndidanyamuka patapita masiku atatu, nkhuku ili m'khwapa. Poyamba ndidadula nzimbe kuti ndinyamule, kenaka ndidazindikira kuti ndikufuna kukapatsa munthu mphatso ya zinthu zake zomwe, ndipo ndidazisiya. Ulendo wa ku Chiosya masiku amenewo sudali wa kabaza ngati lero. Ndidakwera matola mpaka ku boma, ina mpaka pamphambano, kotsalako wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Ndidafunsa maesiteti atatu ndisanapeze kumene kudali Estere. Paliponse pamene ankati sakumudziwa, mtima wina unkasangalala n'kumati bwerera, wayesetsa.

Ndidamupeza m'chigafa akusankha fodya ndi mpongozi wake. Tsitsi lidali loyera, diso limodzi lili ndi ng'ala.

"Odi."

Adakweza mutu n'kundiyang'anitsitsa.

"Nabanda. Wakalamba."

Adauza mpongozi wake kuti akatunge madzi. Ine ndidagwada pafumbi la fodya, nkhuku ikupalapata. Mawu onse amene ndidakonza panjira adathawa, adatsala ochepa okha.

"Estere, amene adaloza chigafa chija adali bambo a Malita. Koma amene adawatuma ndine. Ndinkafuna dimba lako."

Manja ake sadaime. Tsamba ili uku, ili uko.

"A Zakeyo ndidawaona pamng'alu wa udzu akuloza," adatero. "Ndipo ndidadziwa pomwepo kuti paokha sakadatero. Munthu uja ankachita kuitana ena kuti amuphere nkhuku. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti udzabwera kapena ayi."

Ndidati dimba ndalibweza, atenge ndi makina omwe.

"Makinawo ndikachita nawo chiyani ndi diso limodzi? Za dimba ukambe ndi Samueli, ndiye watopa ndi kulima fodya wa eni. Ine ndikufuna china." Apa m'pamene adaika fodya pansi. "Losi ali kutsidya kwa malire, m'mphepete mwa munda wa munthu. Chibwerereni sindidapiteko. Samueli adali wamng'ono, nkhope ya mlongo wake saikumbukira. Bambo ake adapita. Mwa anthu amene adamunyamulapo mwana uja, watsala ndiwe wekha. Undiperekeze."

Sadanene kuti ndakukhululukira. Musaganize kuti zinthu zimenezi zimatha ngati nyimbo ya kutchalitchi. Samueli atabwera kuchokera kumunda n'kumva kuti ndine yani, adatembenuka n'kutuluka, moni osapereka. Dimba adalitenga dzinja lotsatira, monga kudali koyenera, koma tikakumana panjira ankayang'ana kumbali.

Ine ndi Estere tidanyamuka sabata yotsatira, m'mamawa, kudzera njira ya kuseri kwa mapiri imene anthu ankadutsa pokagula shuga ndi sopo ku Zambia. Panjira ankandionetsa. Apa tidapuma. Apa a Yohane adamanga mkono ndi luzi. Apa tidawoloka madzi ali m'chiuno. Ine ndinkangoti inde, inde.

Mtengo wa muwanga umene ankaukumbukira adali ataudula, padatsala chitsa. Mwini munda, bambo wachikulire woyankhula Chinyanja cha kumeneko, atamva nkhani yathu adavula chipewa. Adati amayi ake ndi amene adathandiza kuika mwanayo, ndipo asanamwalire adamulangiza kuti pamenepo khasu lisadzadutsepo. Adatitsogolera. Padali timiyala tozungulira, malo osaposa lichero, udzu utamera mpaka m'mawondo.

Tidagwada n'kuyamba kuzula. Estere adandiuza mmene zidachitikira. Mvula idamumenya mwanayo tsiku loyamba, thupi lidatentha, ndipo tsiku lachiwiri adasiya kulira. Iye adaganiza kuti wagona, n'kuyenda naye mtunda wonse wa phiri lomaliza akuthokoza kuti mwana wapeza tulo. Adadziwa pomutsitsa kuti amuyamwitse.

Ndidalira, ana inu, kulira kumene sindidalire ngakhale pamaliro a agogo anu. Estere adandisiya kanthawi, kenaka adandigunda ndi chigongono monga ankachitira tili atsikana.

"Lira, koma manja asaime. Dzuwa likupita."

Titamaliza tidakonza timiyala tija, mwini munda n'kutipatsa chinangwa chowotcha. Estere adachinyema pakati n'kundipatsa mbali yaikulu. Pobwerera, titafika pamwamba pa phiri pamene mudzi wathu umaonekera, adaima kuti apume.

"Udzu uja chaka chamawa umeranso," adatero.

"Umeradi."

"Ndiye tikakolola uzibwera kudzanditenga."

Tidapita chaka chotsatira, ndi chinacho, ndi chinacho. Pena tinkacheza njira yonse za anthu akale, pena osayankhulana mpaka kufika. Atasamukira kuno pafupi ndi dimba lake, ankabwera pakhonde la a Saidi n'kukhala pabenchi, kumandinyoza kuti mizere yanga yayamba kukhota. Inu mumangomudziwa ngati agogo a diso limodzi amene ankakupatsani nthochi. Simunkadziwa kuti nthochi iliyonse imene ankakupatsani inkandichititsa manyazi ndi kundisangalatsa nthawi imodzi.

Ndikakhala pansi n'kuganiza, ndimathokoza anthu ambiri. Ndimathokoza a Gondwe, amene adasamutsidwa patangopita zaka ziwiri ndipo sindidziwa ngati akadali moyo. Ndimathokoza mayi anu chifukwa cha mutu wawo wouma. Ndimathokoza ngakhale mzungu wakalekale uja, amene sadapondeko ku Mchinji, sadaonepo dimba kapena chigafa, koma adadziwa mmene mkazi amayankhulira kuseri kwa nyumba akafuna chinthu cha mwini. Anthu a m'sewero lake adawatsekera zitseko zonse kuti ife oonerera tiyang'ane ngati chathu chikadali chotsekula. Changa chidali chotsekula, ndipo sikuti ndidachita kanthu koyenera mwayi umenewo. Estere akadatha kufera ku Zambia ngati mwamuna wake, ine n'kutsala nazo mpaka m'manda.

Tsopano papita madzinja awiri chimwalirire Estere. Ali pamphasa yake yomaliza adandigwira dzanja n'kunena kuti udzu uja ndisausiye. Chaka chatha ndidapita ndekha, koma mawondo adandikana pobwerera, moti ndidatsika phiri chokhala pansi ngati mwana. Chaka chino sindingathe popanda wondigwira mkono.

Ndiye Loweruka likubwerali, Yamikani, upope njinga, udzandikweze mpaka patsinde pa phiri. Tadala, iwe udzanyamule kakhasu kakang'ono ndi botolo la madzi. Mukaone malowo ndi maso anu, mukadziwe njira, chifukwa mlandu ndi wanga koma sukulu imene idalera mayi anu idakuleraninso inu. Tidzanyamuke m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo tikafika pamphambano ya kudambo tidzaime pang'ono. Dzulo Samueli adabwera yekha pakhomo pano, chipewa chili m'manja. Adandipatsa moni, n'kunena kuti chaka chino akufuna kukaona pamene padagona mlongo wake, ndipo njira yake sakuidziwa.